Musanagule Masheya, Yambani Mwayesa Kampani

Mau awa anakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi wa ku Magaleta, m'boma la Neno. Tawasindikiza pano kuti mafumu awawerengere anthu ao pa misonkhano.

Lero tisiye pang'ono nkhani za khasu, tikambe za ndarama zimene zimatsala m'manja mwa mlimi atagulitsa nandolo, mbatata ya kacewere kapena manacesi. Ambiri a inu munamva pa wailesi kuti mitengo ya masheya inakwera kwambiri ku Blantyre kuyambira 2023 kufikira 2025, ndipo ena, makamaka a m'magulu a banki m'khonde ndi ana athu ogwira nchito ku tauni ndi ku Joni, alikufunsa ngati nkwabwino kuikako ndarama.

Funso limeneli si lacibwana. Ndarama ya mlimi imabwera kamodzi pa caka, ndipo ikatayika palibe poibwezera kufikira dzinja lina litapita. Cotero gwiritsani mau awa: wogula sheya wagula cidutswa ca malonda a anthu ena. Malondawo akakhala abwino, sheya njabwino. Akakhala obvunda, sheya nayonso njobvunda, ngakhale mtengo wace ukwere cotani lero.

SHEYA NCIANI?

Mau akuti sheya si acilendo kwa amai ndi abambo a banki m'khonde. Kumeneko munthu amagula masheya sabata ndi sabata, ndipo caka cikatha gulu ligawana zonse, ali yense natenga zace pamodzi ndi phindu. Koma sheya ya kampani isiyana. Tiyese kuti anthu 10 a m'mudzi mwanu asonkha K500,000 ali yense, nagula cigayo ca K5,000,000. Munthu ali yense ali ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a cigayoco. Caka cikatha, atalipira mafuta, wogayitsa ndi amakaniko, papezeka kuti patsala K1,000,000. Eni ace angapangane kugawana K600,000 ndi kusunga K400,000 yogulira zitsulo zatsopano. Ndarama yogawanayo ndiyo imene a makampani amaicha dividendi. Koma K500,000 ija munthu sangaitenge, pakuti iri m'cigayo. Akaifuna ayenera kupeza munthu wina womgula gawo lace, ndipo wogulayo adzayamba wayang'ana cigayo. Cikamayenda bwino adzapereka zambiri. Cikamangoonongeka adzapereka zocepa, kapena kukana kumene.

Makampani akuru acita cimodzimodzi, kungoti magawo ao ndi mamiliyoni ambiri. Msika wogulitsirapo magawowa uli ku Blantyre, dzina lace Malawi Stock Exchange. Unayamba malonda a masheya mu November 1996, ndipo kampani yoyamba kulowapo inali ya inshuwalansi ya NICO. Lero pali makampani osakwana 20. Ena muwadziwa: Illovo ya shuga, TNM ndi Airtel a mafoni, mabanki a National Bank, Standard Bank, NBS ndi FDH, Sunbird ya mahotela, ndi Press Corporation. Kampani ikalowa pa msikawu ikakamizidwa kuonetsa poyera mabuku ace a ndarama kawiri pa caka, ndipo asindikizidwa m'nyuzipepala. Koma musayese kuti kampani iri yonse ya pamenepo njabwino. Pa msika wa ng'ombe pamabwera zonenepa ndi zodwala zomwe.

Mlimi wanzeru pogula ng'ombe sayamba ndi kufunsa mtengo. Ayamba wayang'ana mano, ziboda, maso ndi bere, nafunsa kuti yabereka kangati, ndi cifukwa cace mwini wace alikuigulitsa. Mtengo ubwera potsiriza. Kampaninso iyesedwa motero, ndipo mafunso ace alipo 6.

1. KODI IMAGULITSA CIANI, NDIPO OGULA NDANI?

Ngati simungathe kufotokozera akwanu m'mau ocepa njira imene kampani ipezera ndarama, musagule masheya ace. Malonda abwino ndi a cinthu cimene anthu acifuna lero, mawa ndi mkuca, pa nthawi ya masika ndi pa nthawi ya njala pomwe. Shuga athiridwa m'tiyi ndi m'phala m'mawa uli wonse. Mayunitsi a foni akatha munthu agula ena. Koma alipo malonda ena oyendera nyengo. M'caka ca 2020, pamene matenda a Covid-19 analetsa maulendo ndi misonkhano, zipinda za mahotela zinakhala zopanda alendo, ndipo Sunbird ndi Blantyre Hotels, eni ace a hotela ya Ryalls, anatha cakaco ataluza. Koma anthu sanaleke kumwa tiyi kapena kuimba foni.

Funsaninso za tsoka limene lingagwere malondawo. Illovo ndi mlimi monga ife tomwe. Imalima nzimbe ku Nchalo m'boma la Chikwawa ndi ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota. Namondwe wa Ana mu January 2022 ndi wa Freddy mu March 2023 anamiza minda ya kumunsi kwa Shire, ndipo nzimbe za ku Nchalo sizinapulumuke. Wogula sheya ya shuga adziwiretu kuti wagula pamodzi ndi madzi osefukira ndi cilala. Paja walira mvula walira matope.

Muonetsetsenso cimene ciri kuseri kwa dzina. Ambiri amayesa kuti wogula sheya ya Airtel Malawi wagulanso Airtel Money. Iai. Malonda otumiza ndarama aja ali m'kampani ina yapadera, imene siinagulitsidwe pamene Airtel inalowa pa msika mu February 2020 pa mtengo wa K12.69 sheya imodzi. Koma Mpamba ali m'kati mwa TNM. Press Corporation ndiyo iri ngati dengu: m'kati muli gawo lalikuru la National Bank, gawo la TNM, mafakitare a ethanol a ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndi zina. Wogula dengu ayenera kuyamba walibvundukula.

2. KODI IRI NDI LINGA?

Mai wogulitsa tomato pa msika akapeza phindu lalikuru sabata ino, sabata yamawa adzapeza amai ena 10 atayala tomato pambali pace, mtengo nugwa. Malonda amene munthu ali yense angathe kuwayamba mawa sakhalitsa ndi phindu. Makolo athu m'masiku a nkhondo ankamanga linga kuzinga mudzi, kuti adani asalowe ndi kutenga za m'nkhokwe. Warren Buffett wa ku Omaha, m'dziko la America, amene analemera ndi kugula masheya kwa zaka zoposa 60, wakhala alikuphunzitsa kuti pa kampani pafunika cochinga cotero, coletsa opikisana nayo kuilanda ogula ace.

Linga la Illovo ndi minda yaikuru yothirira ndi mafakitare ace. Ya ku Nchalo inayamba kupanga shuga mu 1966. Munthu sangadzuke m'mawa ndi kumanga zotere. Linga la makampani a mafoni ndi nsanja zimene muziona pa mapiri, pamodzi ndi cilolezo ca bungwe la MACRA. Linga la banki ndi cilolezo ca Reserve Bank, ndi cikhulupiriro ca anthu amene asungitsako ndarama zao kwa zaka zambiri.

Koma linga limagumuka. Akuluakulu mukumbukira nthawi imene pafupifupi pa boma pali ponse panali sitoro ya PTC. Anabwera ena ogulitsa mochipa ndi okhala ndi katundu wambiri, PTC niyamba kuluza caka ndi caka, kufikira mwini wace, Press Corporation, anaigulitsa mu 2022, ndipo posakhalitsa masitoro aja anatsekedwa. Dzina lochuka pa lokha si linga. Cenjeraninso ndi linga lomangidwa ndi lamulo la Boma. Shuga wakunja salowa m'dziko muno popanda cilolezo, ndipo izi zithandiza opanga shuga a kuno. Koma lamulo lingasinthe, ndiponso ku Salima kunamangidwa fakitare ina ya shuga. Cotero musafunse kokha kuti linga liripo lero. Funsani ngati lidzakhalapobe zaka 10 zikubwerazi.

3. KODI PHINDU LACE NLOTANI?

Caka cimodzi ca dzinthu dzambiri sicisonyeza kuti munda ngwa conde. Mwina mvula ndiyo inangokoma. Cotero pezani mabuku a kampani a zaka 5. Tengani kope, mujambule mizere, ndipo pa caka ciri conse mulembe zinthu zitatu: ndarama zonse zimene inagulitsa, phindu lotsala italipira zonse pamodzi ndi msonkho, ndi dividendi imene inagawa. Mukatero mudzaona ndi maso anu ngati phindu lirikukwera mwa ndondomeko, kapena lirikungodumpha-dumpha. Tsono phindulo muliyese m'njira zitatu.

Poyamba, liyeseni ndi mpamba. Cigayo cathu cija ca K5,000,000 cinabweretsa K1,000,000, ndiko kuti K20 pa K100 iri yonse. Tiyese kuti m'mudzi wina muli cigayo ca K10,000,000 cobweretsa K1,000,000 yomweyo, ndiko kuti K10 pa K100. Phindu nlofanana, koma cigayo coyamba ciposa cinzace kawiri, cifukwa cadya mpamba wocepa. M'mabuku a kampani ndarama za eni ace zilembedwa pa zokha. Zitengeni, muone kuti K100 iri yonse ya eni ace yabala zingati.

Kaciwiri, liyeseni ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Mu 2023 ndi 2024 mitengo ya katundu m'dziko muno inkakwera koposa K25 pa K100 iri yonse pa caka. Kampani imene phindu lace linakwera ndi K10 pa K100 m'caka cotero siinapite patsogolo, inabwerera m'mbuyo. Inu muzidziwa bwino izi: ndarama za nandolo zingaoneke zambiri kuposa za caka catha, koma zigula matumba ocepa a feteleza. Kampani yolimba ndi imene ingathe kukweza mtengo wa katundu wace, ogula osaithawa.

Kacitatu, funsani ngati phindulo lafika m'thumba. Mwini golosale amene wagulitsa katundu yense pa ngongole ali ndi phindu m'kope, koma poti akaode wina alibe ndarama. Kampaninso ingalembe phindu lalikuru pamene ndarama zace ziri kwa anthu osalipira. Pa mabanki bvuto limeneli ndilo lalikuru. Mu 2016 banki ya NBS inaluza cifukwa ca ngongole zambiri zosabwezedwa, ndipo mu 2017 inapempha eni masheya kuti aonjezere mpamba. Amene analibe ndarama yoonjezera, gawo lao m'bankiyo linacepa. Pambuyo pace bankiyo inadzuka niyambanso kupindula, koma amene anaikamo ndarama yofuna kudyera msanga anasauka nazo zaka zimenezo. Dziwaninso kuti phindu lambiri la mabanki athu m'zaka zapitazi lacokera pa kukongoza Boma pa ciongola dzanja cokwera. Nkoyenera kudzifunsa kuti phindulo lidzakhala lotani ciongola dzanjaco cikadzatsika.

4. KODI IRI NDI NGONGOLE ZOTANI?

Ngongole si chimo. Mlimi amatenga feteleza wa ngongole, nakolola, nabweza. Koma ngongole ibwezedwa ngakhale caka ca cilala, ndipo wokongoza ndiye ayamba kudya, mwini sheya nadya zotsala. Cotero onani kuti kampani ikadatenga zaka zingati kuti ithetse ngongole zace ndi phindu limene ipeza tsopano. Zikakhala zaka ziwiri kapena zitatu palibe coopsa kwenikweni. Zikafika zaka 10, kampaniyo irikugwirira nchito okongoza, osati inu.

Coposa apo, funsani kuti ngongoleyo iri m'ndarama yanji. Mu May 2022 Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi K25 pa K100, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi K44 pa K100, kotero kuti dola imodzi ya ku America, imene inali pafupifupi K1,180, inafika K1,700. Taonani tanthauzo lace. Munthu wa ngongole ya madola 1,000 anagona ali ndi ngongole ya K1,180,000, nadzuka ali ndi ya K1,700,000. Yaonjezeka ndi K520,000 iye osakongola ngakhale tambala. Izi ndizo zinagwera Airtel Malawi mu 2023. Anthu anagula mayunitsi ambiri kuposa kale, koma popeza kampaniyo inali ndi zambiri zoyenera kulipira m'madola, inatha caka italuza. Kampani yogulitsa katundu wace kunja iri ndi pothawira, cifukwa ilandira madola. Koma yolandira Kwacha ndi kubweza madola iri pa ngozi nthawi zonse pamene ndarama yathu igwa.

5. KODI OYENDETSA NDANI?

Ng'ombe yabwino ikakhala ndi mbusa waulesi iwonda, ndipo ikakhala ndi mbusa wakuba mkaka sufika pakhomo. Inu muli ku Magaleta, kampani iri ku Blantyre. Simudzaona cimene cicitika m'maofesi mwace. Ndarama yanu mwaisiya m'manja mwa akuru a bodi ndi mabwana oyendetsa nchito.

Yambani mwadziwa mwini gawo lalikuru, pakuti ndiye asankha akuru amenewa. Ku Illovo magawo pafupifupi 76 mwa 100 ali m'manja mwa kampani ya Associated British Foods ya ku London. Ku Standard Bank mwini wamkuru ndi Standard Bank ya ku Johannesburg. Ku National Bank ndi Press Corporation, ndipo ku Sunbird ndi Boma la Malawi. Inu wa masheya ocepa muli ngati wokwera lore yoyendetsa wina. Simugwira ciongolero, cotero muyenera kudziwa mbiri ya dalaivala. Kodi mabuku aturuka pa nthawi yace? Kodi dividendi igawidwa caka ndi caka, kapena phindu limangothera m'malipiro a mabwana ndi m'malonda a pacibale ndi makampani ena a mwini wamkuru? Caka cikaipa, kodi anena poyera cimene cinalakwika? Kodi zimene analonjeza zaka zitatu zapitazo anacita?

M'buku la pa caka la kampani iri yonse muli kalata ya akatswiri oyesa mabuku, amene sali anchito a kampaniyo. Kalata imeneyi musaidumphe. Akatswiriwo akakaika, kapena akakana kusaina, thawani. Ku South Africa kunali kampani yaikuru yochedwa Steinhoff, imene inali ndi masitoro a Pep ndi Ackermans, kumene ana athu a ku Joni amagulako zobvala. Inkaoneka yolemera ndithu. Mu December 2017 oyesa mabuku anakana kubvomereza mabuku ace, mkuru wace Markus Jooste anatula pansi udindo, ndipo m'masiku owerengeka mtengo wa sheya unagwa koposa magawo 8 mwa 10. Pambuyo pace zinadziwika kuti phindu lambiri lolembedwa m'mabukumo linali labodza. Ndarama za penshoni za anchito ambiri zinapsera momwemo. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kumbukirani kuti kampani iri yonse icititsa msonkhano wa eni masheya kamodzi pa caka, ndipo ngakhale wa masheya ocepa ali ndi ufulu wa kupitako ndi kufunsa mafunso.

6. KODI MTENGO WACE NGWOYENERA?

Funso iri libwera potsiriza, koma nlofunika monga anzace. Ng'ombe yabwino yogulidwa pa mtengo wa ng'ombe zitatu ndi malonda oipa. Kuyesa kwace nkotere. M'mabuku mulembedwa phindu limene sheya imodzi yapeza pa caka. Tiyese kuti ndi K10. Ngati sheyayo igulitsidwa K80, padzapita zaka 8 kuti phindu lifanane ndi ndarama imene mwalipira. Ngati sheya yomweyo yakwera kufika K400, padzapita zaka 40. Kampani ndi yomweyo, nchito yace ndi yomweyo, koma wogula pa K400 walipiriratu phindu la zaka zimene mwina sadzaziona. Mtengo wotere ungakhale woyenera pokhapo ngati pali cifukwa comveka coyembekezera kuti phindu lidzakula msanga. Yesaninso dividendi: sheya ya K100 yopereka K3 pa caka ilinganizeni ndi ciongola dzanja cimene banki ikadakupatsani pa K100 yomweyo.

Musagule cifukwa cakuti mtengo ulikukwera ndipo anzanu onse alikuthamangira. Alimi a kuno phunziro limeneli tinaliphunzira pa nandolo. Mu 2015 ndi 2016 mtengo unakoma, anthu nakuza minda ya nandolo. Mu 2017 dziko la India, limene limagula nandolo wathu wambiri, linacepetsa wolowa kucokera kunja, ndipo mtengo unagwa kotero kuti ena anangomsiya m'matumba. Masheya acitanso comweco. Pamene ali yense alikuwatama, ndi pamene wogula ayenera kuwerengera kawiri. Ndiponso msika wathu ngwaung'ono: pali masiku ena amene munthu afuna kugulitsa masheya ace koma wogula osapezeka.

KAGULIDWE KACE

Masheya sagulidwa pa msika wa mbeu, kapena kwa munthu woyenda ndi cikwama m'midzi. Agulidwa kupyolera mwa makampani a akhalapakati okhala ndi cilolezo ca Reserve Bank, monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital ndi Cedar Capital a ku Blantyre. Adzafuna ciphaso canu ca unzika ndi akaunti ya ku banki kumene dividendi idzalowera, ndipo masheya adzalembedwa m'dzina lanu. Akhalapakatiwo amadula kandarama ka nchito yao, ndipo pa dividendi Boma limadulapo msonkho. Mabuku a makampani mungawapemphe kwa iwo omwewo.

Musaike ndarama ya feteleza, ya cakudya, ya fizi ya ana kapena ya matenda. Musakongole, makamaka kwa a katapila, kuti mugule masheya. Ikani ndarama yokhayo imene ingathe kugona zaka 5 inu osaifuna. Ndipo monga mlimi wanzeru sadalira mbeu imodzi, koma abzala cimanga, nandolo ndi cinangwa, inunso musathire zonse m'kampani imodzi. Ilipo kampani ya National Investment Trust imene nchito yace ndi kusunga masheya a makampani angapo pamodzi. Koma nayonso muiyese ndi mafunso omwewa.

Inu a m'magulu, masheya a gulu alembedwe m'dzina la gulu, osati la wapampando kapena msungicuma, ndipo cigamulo cogula cilembedwe m'buku la gulu pamaso pa onse. Inu abambo, uzani akazi anu ndi ana anu za masheya amene muli nao, ndi kumene mapepala ali, kuti tsiku limene simudzakhalapo cuma cisasocere.

MAU KWA MAFUMU

Mafumu, anthu anu akhulupirira cimene camveka pa bwalo lanu. Mlendo akafika ndi kupempha kuti mumsonkhanitsire anthu, ati ali ndi kampani yobereketsa ndarama, musafulumire kumpatsa bwalo. Mfunseni cilolezo ca Reserve Bank. Mfunseni cimene kampani yace igulitsa, kumene ofesi yace iri, ndi mabuku ace a zaka zapitazo. Akalonjeza phindu lodziwikiratu, monga K30 pa K100 mwezi uli wonse, dziwani kuti si masheya amenewo, pakuti kampani yoona siilonjeza dividendi isanaone phindu. Akanena kuti munthu adzalandira zambiri akabweretsa anzace, dziwani kuti oyamba alikulipidwa ndi ndarama za otsiriza, ndipo tsiku lina adzasowa nazo zonse. Munthu wotere mkamnene kwa Bwanamkubwa kapena ku polisi anthu anu asanapereke kanthu.

Gulu la m'mudzi mwanu likafuna kugula masheya enieni, lithandizeni kupeza mphunzitsi kapena mwana wa Fomu 4 kuti awerenge mabuku a kampani pamaso pa onse, ndi kuyankha mafunso 6 aja limodzi limodzi. Imagulitsa ciani? Iri ndi linga? Phindu lace nlotani pa zaka 5? Ngongole zace nzotani, ndipo ziri m'ndarama yanji? Oyendetsa ndani? Mtengo ngwoyenera? Funso limodzi likasowa yankho, ndarama ziyambe zadikira. Kudikira mwezi umodzi sikuononga kanthu. Safunsa anadya phula.

Sabata yamawa tidzakamba za kuteteza cimanga kwa anankafumbwe.